Bwanji a ku Canada amakhalitsa kuposa a ku America chonsecho ndi maneba?

Bambo a Limbani, Lilongwe:
Moni nonse a pagulu, makamaka inu muli kunjako. Ndili ndi funso lomwe likundizunguza mutu. Ziwerengero za 2023 zikuonetsa kuti mwana wobadwa ku Canada akuyembekezeka kukhala zaka 81.7 pomwe wa ku America ndi 78.4, ndipo mu 2021 nthawi ya Covid ija America inatsika mpaka 76.4. Nde ine ndikudabwa, mayiko awiriwa ndi oyandikana, onse ndi olemera, zakudya zofanana, magalimoto omwewo, komanso America ndi imene imalowetsa ndalama zambiri ku zaumoyo kuposa dziko lina lililonse. Zaka zitatu zikusowazo zikuthera kuti? Tatiuzani inu mukuona ndi maso.

Mayi a Tadala, Calgary:
Zikomo bambo a Limbani. Ine ndinena zomwe ndikuziona kuno basi. Kuno munthu ukakhala ndi mapepala okhazikika amakupatsa khadi ya zaumoyo ya provinsi yako, ukadwala umangonyamula khadiyo kupita kwa dokotala kapena kuchipatala, amakuona, kukuyeza magazi, kukujambula, ngakhale opaleshoni, ukutuluka palibe amene akufunse ndalama. Tadala anabadwira kuno, anachita kunding'amba, tinagonekedwa, ndalama yomwe bambo ake anatulutsa ndi ya pakingi ya galimoto. Nde chimachitika nchoti munthu ukangomva kuti mthupi simuli bwino suyamba wawerengera mthumba, umangopita, matenda amapezeka akadali aang'ono.

Anaphiri, Houston:
Apo pomwe mwanena mayi a Tadala kuti suyamba wawerengera mthumba, nkhani yagona pamenepo. Ine ndine nesi kuno ku Texas ndipo ku America konse steti ino ndi imene ili ndi anthu ambiri opanda inshuwalansi, pafupifupi mmodzi mwa anthu 6 aliwonse. Dziko lonse mu 2023 analipo pafupifupi 26 miliyoni. Ndikuuzeni zomwe timalandira ku wodi, bambo wina wa zaka za m'ma 50 wogwira ntchito ya zomangamanga, shuga anamupeza kale koma insulin amabaya theka la mlingo kuti botolo limufikitse kumapeto a mwezi, kachilonda ka pa chala chaku phazi anangokamanga ndi bandeji nkumavala jombo kupita kuntchito poti tsiku lomwe sanapite salipidwa, pofika kwa ife phazi lonse lada, fungo lake kuchita kudzadza chipinda, anamudula mwendo mmunsi mwa bondo. Chimene chinandiwawa nchoti atadzuka funso lake loyamba silinali la mwendo ayi, anafunsa kuti bilu ikhala zingati. Chipatala chomwecho chili ndi makina oti mayiko ambiri sanawaonepo. Vuto si makina kapena madokotala, vuto ndi nthawi yomwe munthu amafikira pakhomo pathu.

Bambo a Limbani, Lilongwe:
Koma Anaphiri, munthu wopanda inshuwalansi akafika ali kayakaya amamubweza?

Anaphiri, Houston:
Ayi samubweza, pali lamulo la 1986 loti ku emergency ayenera kukulandira nkukuthandiza mpaka uchoke pangozi, kaya uli ndi ndalama kaya ulibe. Koma bilu imakutsatira kunyumba, ndipo lamulolo silikupatsa mapilisi a BP a mwezi ndi mwezi, silikupatsa dokotala wokuyang'anira shuga. Amakutsitsimutsa nkukutulutsa, miyezi ingapo wabweranso zitaipiraipira.

Bambo a Chikondi, South Bend:
Abale tisamangoinyoza America ngati ku Canada kulibe mavuto. Ine ndimagwira ku fakitale kuno ku Indiana, inshuwalansi ndili nayo ya kuntchito, bondo litandivuta MRI ndinajambulidwa sabata yomweyo. Msuweni wanga ali ku Ontario bondo lomwelo anadikira miyezi kuti angoonana ndi spesholisiti, kenaka kudikiranso miyezi ina opaleshoni, munthu akuyendera ndodo. Komanso zaulerezo si zaulere, mumalipira kudzera mmisonkho, ku Ontario kugula kanthu msitolo amawonjezera 13 pa 100 iliyonse. Walira mvula walira matope.

Mayi a Tadala, Calgary:
Zakudikirazo sindingakane achimwene, zilipo ndithu. Ku emergency ngati vuto lako silili loti ufa nalo lero utha kukhala pa benchi usiku onse. Ndipo anthu mamiliyoni kuno alibe dokotala wawo wa pabanja, amangoyendera ma walk-in, makiliniki ongofikira osapangana tsiku. Khadi ijanso siimalipira zonse, mankhwala ogula ku famase, mano, magalasi a maso, ambulansi, zimenezo ambiri amadalira inshuwalansi ya kuntchito kapena mthumba, ngakhale boma linayamba pulogalamu ya mano ya anthu opeza zochepa. Koma mzerewo amautsata poona kukula kwa matenda, wa mtima kapena wa khansa amadutsa kutsogolo, wa bondo amadikira. Bondo limapweteka inde koma silikupha.

Bambo a Chikondi, South Bend:
Silikupha koma ngati ntchito yako ndi yoimirira maola 10 likuchotsa ntchito mayi.

Anaphiri, Houston:
Achimwene tandiyankheni ichi, deductible yanu ndi zingati, ndipo fakitaleyo itatseka mawa inshuwalansiyo ikhala ya ndani?

Bambo a Chikondi, South Bend:
Deductible ilipo, ndi madola masauzande angapo pachaka omwe ndimayenera kuyamba ndalipira ndekha iwo asanayambe kuthandiza. Za kutha kwa ntchitozo nde zimandisowetsa tulo, chifukwa akazi anga ndi ana onse ali pa inshuwalansi yanga. Pali anzanga ena atopa nayo ntchito, msana ukuwawa, koma sangasiye poti mwana ali ndi asima. Izo sindikutsutsa. Ndikungoti kwa munthu amene ali ndi inshuwalansi yabwino chithandizo cha kuno nchachangu.

Achimwene a Mbewe, Toronto:
Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Ndikufuna ndikonze kaye kamvedwe ka nambalayi chifukwa ambiri timaganiza kuti 78 ndi 81 zikutanthauza kuti agogo a ku America akumwalira ali ndi 78 pomwe a ku Canada akufika 81. Sichoncho. Ndi avareji, ndipo bambo a Limbani inu ndinu aphunzitsi mukudziwa kuti mkalasi ana atatu akapeza ziro avareji ya kalasi yonse imagwa ngakhale ena onse akhoze bwino. Mnyamata wa zaka 22 akafa amachotsa zaka pafupifupi 60 pa chiwerengerocho, gogo wa zaka 80 akafa amachotsa zochepa. Ife a Malawi izi tinaziona ndi maso, cha m'ma 2000 avareji yathu inali zaka za m'ma 40 chifukwa Edzi imatenga anthu a zaka 25, 30, 35, ma ARV aulere atayamba mu 2004 nambala ija inakwera mpaka kudutsa 60, osati chifukwa agogo anayamba kukhalitsa koma achinyamata anasiya kufa.

Nde ku America gawo lalikulu la kusiyanaku likuchokera kwa anthu ofa asanakwane 65. Taonani izi. Anthu a ku America ndi ochuluka kuwirikiza ka 8 kuposa a ku Canada, nde nambala iliyonse ya Canada muziichulukitsa ka 8 kuti mufanizire bwino. Ngozi za pamsewu, America mu 2021 inataya anthu pafupifupi 43,000, Canada sanafike 2,000, mukachulukitsa ka 8 ndi 16,000 basi. Mfuti, America mu 2021 anafa ndi 48,830, oposa theka anali odzipha okha, ophedwa ndi anzawo pafupifupi 21,000, pomwe ku Canada ophedwa ndi mfuti chaka chomwecho anali pafupifupi 300. Mankhwala ozunguza bongo, America imataya oposa 100,000 pachaka mu 2021, 2022 ndi 2023. Onsewa ambiri ndi anthu a zaka zogwira ntchito, ena ana asukulu. Izi khadi ya chipatala payokha siingazithetse, munthu wafera pa msewu kapena pa bedi pake dokotala asanamuone nkomwe.

Bambo a Limbani, Lilongwe:
Eeh apa nde mwanditsegula maso achimwene. Kutanthauza kuti munthu wa ku America akapulumuka zonsezi nkufika ukalamba zinthu zimasintha?

Achimwene a Mbewe, Toronto:
Zimasintha ndithu, kusiyanako kumachepa kwambiri. Ndipo taonani, pa zaka 65 ndi pomwe munthu wa ku America amalowa Medicare, inshuwalansi ya boma ya okalamba yomwe pulezidenti Lyndon Johnson anasainira mu 1965 pamodzi ndi Medicaid ya osauka. Nde okalamba awo ali ndi chinthu chofananako ndi cha ku Canada. Amene ali pa mphepo ndi wa zaka 30, 45, 58 wogwira ntchito yopanda inshuwalansi, amene amapeza zochuluka pang'ono moti Medicaid imamukana koma zosakwanira kugula yake.

Nachisale, Vancouver:
Pa nkhani ya mankhwala ozunguza bongo musatichotsemo ife a ku Canada chonde. Ine ndimadutsa ku Downtown Eastside pa basi popita kuntchito, mseu wa Hastings uja, zomwe ndimaona mmawa uliwonse zimandisweka mtima, achinyamata atapindika pakati ngati agona choimirira, ena ali gone pa simenti anzawo akuwabaya naloxone, mankhwala otsitsimutsa munthu amene wapyola muyeso, kuti adzuke. British Columbia inalengeza kuti ili ndi vuto ladzidzidzi la zaumoyo mu April 2016 chifukwa cha fentanyl, mankhwala opha ululu amphamvu zedi, ndipo mu 2023 mokha provinsi ino inataya anthu oposa 2,500. Canada yonse ndi pafupifupi 8,000 chaka chimenecho. Chulukitsani ka 8 muja mwanenera achimwene a Mbewe muona kuti sitili kutali kwenikweni ndi America. Pa ichi tonse tikumira, kungoti iwo ali pakuya.

Achimwene a Mbewe, Toronto:
Zoona achemwali, ndipo chiyambi chake nchimodzi, mapilisi opha ululu monga OxyContin omwe anatuluka mu 1996 nkumalembedwa mwachisawawa mbali zonse ziwiri za malire, kampani yake Purdue Pharma inavomera mlandu kukhoti ku America mu 2007 komanso 2020. Anthu atazolowera nkuwakhwimitsira malamulo anathawira ku heroin kenaka fentanyl. Nchifukwa chake nayo Canada avareji yake ya zaka ija inaima, siimakwera ngati kale.

Malume a thiraki, Brampton:
Ine ndiyankhepo za pamsewu poti ndi kwanga. Ndimayendetsa thiraki kudutsa pa Windsor kulowa Detroit mpaka kumusi uko Tennessee, Georgia, Texas. Ukangowoloka umaona kusintha, liwiro lololedwa ndi lokwera, pa msewu waukulu wa 401 kuno malo ambiri ndi 100 kapena 110 pa ola ndipo mathiraki athu ku Ontario amatsekeredwa pa 105, kumusi uko anthu amathamanga zedi ndipo mapikapu ake ndi akuluakulu moti akagunda munthu woyenda pansi palibe chotola. Masteti ena wa njinga yamoto wamkulu saumirizidwa kuvala helemeti. Komanso mizinda yambiri kulibe basi yodalirika, aliyense ayenera kuyendetsa, wotopa, woledzera, wokalamba, onse ali pa chiwongolero. Za chakudyanso, pa malo oimapo mathiraki kapu ya zoziziritsa kukhosi ndi yaikulu zedi ndipo kuwonjezera ndi ulere, chakudya chotchipa ndi chokazinga chokhachokha. Kunonso ziliko sindikukana koma kumeneko zanyanya. Anzanga ambiri a ntchitoyi ali ndi shuga ndi BP.

Anaphiri, Houston:
Malume mwalasa. Akuluakulu 4 mwa 10 aliwonse kuno ndi onenepa mopyola muyeso, ku Canada ndi pafupifupi 3 mwa 10. Kunenepako kumabwera ndi shuga, mtima, impso, sitiroko. Nde muphatikize ziwirizi, matenda ambiri komanso anthu ochedwa kupita kuchipatala. Kuwodi ya dayalisisi mukapezako anthu a zaka 40 zokha.

Chinanso chondipweteka pa insulin muja ndinanena, mankhwalawa anatulukira ku Toronto konko mu 1921, Frederick Banting ndi Charles Best, ndipo umwini wake anaugulitsa ku yunivesite pa dola imodzi aliyense kuti anthu asamavutike kuwapeza. Koma zaka zapitazi anthu a kuno amachita kukwera basi kuwoloka malire kukagula ku Canada komwe boma limayang'anira mitengo ya mankhwala, mu 2019 seneta Bernie Sanders anaperekeza gulu lina kuchoka ku Detroit kupita ku Windsor. Lamulo la 2022 linaika malire a madola 35 pamwezi kwa amene ali pa Medicare, nde zasinthako, koma zinatenga nthawi yaitali anthu akuvutika.

Azakhali a Mphatso, Maryland:
Abambo mwakamba za misewu ndi mfuti, ine ndikambe za ife amayi. Kuno kulibe lamulo la dziko lonse lopatsa mayi tchuthi cholipidwa akabereka. Lomwe lilipo ndi la 1993 lopereka masabata 12 opanda malipiro, ndiponso si onse limawakhudza, kampani ikakhala yaing'ono kapena sunathe chaka pantchito sulowamo. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba mmakomo, mtsikana wina mnzanga anabwerera kuntchito chilonda cha opaleshoni chisanapole bwinobwino, akunyamula gogo kumuika pa wilitcheya uku mkaka ukudontha pa yunifomu, khanda walisiya kwa neba, lendi siidikira. Nde BP ya pambuyo pa uchembere ija ndani angaione pa munthu wotere? Ndipo ziwerengero za boma lomwe zimaonetsa kuti mayi wachikuda kuno ali pa chiopsezo chofa ndi uchembere kuwirikiza pafupifupi katatu kuposa mzungu, ngakhale ophunzira ndi andalama zimawapeza. Izi zikutikhudza ifeyo ndi ana athu aakazi, sizakutali.

Mayi a Tadala, Calgary:
Azakhali mwandikhudza. Kuno ngati unagwira maola okwanira umakhala pakhomo chaka, kapena miyezi 18 ukasankha kulandira zochepa pamwezi, ndalama zimachokera ku EI, inshuwalansi ya boma ya anthu apantchito yomwe amatidula pa malipiro. Sizochuluka, ndi gawo chabe la salale, koma mwana umamuyamwitsa wekha ndipo sikelo ndi katemera suphonya.

Bambo a Limbani, Lilongwe:
Nanga zinayamba bwanji kuti maneba asiyane chonchi? Canada inabadwa nazo?

Achimwene a Mbewe, Toronto:
Ayi sinabadwe nazo, anachita kulimbana. Zinayambira ku Saskatchewan, provinsi ya alimi a tirigu, pansi pa mtsogoleri wake Tommy Douglas yemwe anali mbusa wa Baptist asanalowe ndale. Mu 1947 anayambitsa inshuwalansi ya boma yolipira ogonekedwa mchipatala, mu 1962 provinsiyo inawonjezera zoonana ndi dokotala ndipo madokotala anakwiya nkuchita sitalaka masiku 23, boma linachita kuitanitsa madokotala ena kuchokera ku Britain. Zitayenda bwino boma lalikulu linatengera mu 1966, kenaka lamulo la 1984 la Canada Health Act linatseka zoti dokotala azilipiritsa wodwala ndalama yapamwamba. Ku America pulezidenti Harry Truman anayesa zofananazo mu 1945 koma bungwe la madokotala la AMA linamenya nkhondo mpaka zinakanika. Iwo inshuwalansi inamangiririka ku ntchito kuyambira nthawi ya nkhondo yachiwiri, boma litaletsa kukweza malipiro makampani anayamba kukopa antchito ndi inshuwalansi, mpaka lero. Obama mu 2010 anachepetsa kwambiri chiwerengero cha opanda inshuwalansi koma masteti ena monga Texas ndi Florida anakana kukulitsa Medicaid. Ndipo pa zonsezi America imathera ndalama zoposa 17 pa 100 iliyonse ya chuma chake pa zaumoyo, Canada pafupifupi 12. Zambiri zimathera ku mitengo yokwera ndi mapepala, chipatala chilichonse chili ndi gulu la anthu ongolimbana ndi makampani a inshuwalansi.

Bambo a Chikondi, South Bend:
Koma achimwene a Mbewe mukuiwala chimodzi. Canada imasankha anthu olowa. Mapointi, sukulu, zaka, kuyezedwa mthupi usanapatsidwe viza. Munthu pafupifupi mmodzi mwa 4 kumeneko anabadwira kunja. Ukadzadza dziko ndi anthu osankhidwa athanzi avareji ikwera basi. Komanso America si dziko limodzi pa nkhani iyi, Hawaii, Massachusetts, Minnesota ali pafupi ndi Canada, amene akugwetsa ndi Mississippi, West Virginia, Louisiana, Alabama.

Achimwene a Mbewe, Toronto:
Mfundo ziwiri zonsezo ndi zoona. Kalembera wa 2021 anapeza 23 pa 100 ku Canada ndi obwera, America ndi pafupifupi 14, ndipo obwera kumene amakhala athanzi kuposa eni dziko mmayiko onse awiri. Zimathandizako koma sizingafotokoze mfuti ndi ngozi zija. Za masteti nde mukundithandiza kunena, pakati pa Hawaii ndi Mississippi mu 2021 panali zaka pafupifupi 9. Kafukufuku wa Raj Chetty ndi anzake wa 2016 anapeza kuti amuna olemera kwambiri ku America, 1 pa 100 wa pamwamba, amakhala zaka pafupifupi 15 kuposa 1 pa 100 wa pansi penipeni. Wolemera wa ku America sakuluza kanthu poyerekeza ndi wa ku Canada. Amene akuluza ndi wosauka, ndipo ku America ukagwa umagwera pansi kwambiri kuposa kuno.

Anamwino a kumpoto, Winnipeg:
Ndakhala chete koma apa ndiyankhule, chifukwa mawu oti ku Canada ukagwa sugwera pansi kwambiri sakukhudza aliyense. Ine odwala ambiri omwe ndimawasamalira ndi eni nthaka, a First Nations ndi a Inuit, ena amachita kubwera pa ndege kuchokera ku Nunavut, dera la kumpoto kwenikweni kwa Canada, chifukwa kwawo kulibe chipatala chachikulu, mayi woyembekezera amachoka kwawo masabata angapo tsiku lisanakwane kudzadikirira kuno kutali ndi abale. Ku Nunavut avareji ya zaka ndi yotsika ndi zaka pafupifupi 10 poyerekeza ndi dziko lonse. TB yomwe ife timaidziwa kumudzi ija kumeneko ikadalipo ndithu, anthu ambiri mnyumba imodzi yaing'ono mawindo otseka chifukwa cha kuzizira, chakudya msitolo mtengo wake wosayamba poti chimabwera pa ndege kapena pa sitima nthawi yotentha yokha. Midzi ina ya First Nations yakhala zaka ndi zaka akuuzidwa kuti madzi a pampopi aziyamba awiritsa. Onsewa khadi ali nayo. Nde khadi ndi yofunika inde koma nyumba, madzi, chakudya ndi mmene amakulandirira ukafika pa kauntala, zonsezo zimalowa mthupi. Ndinasamalirapo gogo wina amene amakana kugonekedwa, akunjenjemera, mdzukulu wake anandiuza kuti ali mwana anatengedwa kupita ku sukulu zogonera zija za boma ndi mipingo ndipo chiyambire pamenepo nyumba iliyonse ya boma amaiopa.

Anaphiri, Houston:
Kunonso eni nthaka ndi amene ali pansi penipeni, mu 2021 avareji yawo inatsika kufika zaka 65. Pa ichi mayiko awiriwa palibe angaloze mnzake chala.

Azakhali a Mphatso, Maryland:
Nanga Covid ija inasiyanitsa bwanji? Kuno tinaika anthu ambiri abale.

Achimwene a Mbewe, Toronto:
America inataya oposa 1.1 miliyoni, Canada pafupifupi 60,000, mukachulukitsa ka 8 simukufika ndi theka lomwe. Kuno anthu ambiri anabayitsa katemera ndipo nkhaniyo siinagawanitse anthu pa zipani kwambiri ngati kumeneko. Koma manyazi athu anali mnyumba zosungira okalamba, funde loyamba la 2020 imfa pafupifupi 8 mwa 10 zinachitikira mmenemo, mpaka asilikali anatumizidwa kukathandiza ku Quebec ndi Ontario.

Nachisale, Vancouver:
Ine nthawi imeneyo ndinali mkati mwa nyumba zoterozo, antchito ochepa, wina akugwira malo awiri kapena atatu kuti akwanitse lendi nkumanyamula matenda osadziwa. Sindifuna kuzikumbukira.

Bambo a Chikondi, South Bend:
Za mfuti zokha ndilibe choikira kumbuyo. Chikondi ali kalasi yoyamba anabwera kunyumba akundilongosolera mmene aphunzitsi awaphunzitsira kuzimitsa magetsi, kukhoma chitseko nkubisala pakona osayankhula ngati munthu wa mfuti walowa. Mwana wa zaka 6. Ndipo kuyambira 2020 mfuti ndi zomwe zikupha ana ndi achinyamata ambiri kuno kuposa ngozi za galimoto.

Malume a thiraki, Brampton:
Kuno mfuti zilipo zambiri ndithu makamaka za alenje kumidzi, ndipo zoopsa zinachitikapo, Montreal 1989 anaphedwa atsikana 14, Nova Scotia 2020 anthu 22. Koma kuti ukhale nayo uyenera kuchita kosi, kupeza laisensi, apolisi kukufufuza, ndipo kuyambira 2022 kugula pisito anaimitsa. Mfuti zambiri zomwe zigawenga zimagwidwa nazo ku Toronto zimachita kuzembetsedwa kuchokera ku America, nchifukwa chake pa boda amatisecha kwambiri ife a mathiraki.

Anaphiri, Houston:
Ndisanapite ku shifiti ndinene ichi kwa abale athu muli kuno ku America opanda inshuwalansi, ndikudziwa mulipo ambiri pagulu pano ngakhale simuyankhula. Pali makiliniki otchedwa community health center pafupifupi mzinda uliwonse, amalipiritsa molingana ndi zomwe umapeza ndipo opanda inshuwalansi amawalandira. Pitani mukayezetse BP ndi shuga, mapilisi ambiri a BP ndi otchipa zedi ku famase. Bilu ya chipatala ikabwera musaibise mu diroo, imbani mufunse za financial assistance, zipatala zosachita phindu zimayenera kukhala ndi ndondomeko imeneyo. Ife anthu akuda BP imatigwira msanga, ndipo maliro angati tasonkherana kutumiza kumudzi a munthu woti anangogwa kubafa ali ndi zaka 47?

Mayi a Tadala, Calgary:
Nafenso a kuno tisagone poti tili ndi khadi, ambiri timagwira ntchito ziwiri osapita kukayezetsa. Ngati mulibe dokotala wa pabanja lembetsani pa mndandanda wa provinsi yanu, ndipo 811 mutha kuimba usiku uliwonse kuyankhula ndi nesi mwaulere.

Nachisale, Vancouver:
Funso langa mayi a Tadala, amayi anga ndikufuna adzandione chaka chamawa ndipo ali ndi shuga. Khadi yanga ingawathandize?

Mayi a Tadala, Calgary:
Ayi achemwali, khadi ndi ya mwini wake yekha, mlendo amalipira ndipo bilu ya mlendo kunonso ndi yoopsa. Ngati mukuwatengera Super Visa, viza ya makolo ndi agogo odzacheza nthawi yaitali, amafuna inshuwalansi ya chaka chonse yosachepera madola 100,000. Koma muwerenge bwino tizilembo tating'ono tija, ambiri salipira matenda omwe munthu anali nawo kale pokhapokha akhale kuti sanasinthe mankhwala kwa miyezi ingapo asananyamuke, nde afunseni adokotala awo kumudziko akulembereni kalata ya mankhwala omwe akumwa ndi tsiku lomwe anayamba, komanso abwere nawo okwanira mmabotolo ake enieni.